Mtovu uchoke pakati pa nyumba za ku Zengeza 2

Gawo 73 la malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe, a chaka cha 2013, limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala pamalo osawononga thanzi lake. Bungwe loona za chilengedwe la EMA lilipo kuti lizilondoloza zimenezi, ndipo malamulo oletsa kuipitsa mpweya adakhazikitsidwa mu 2009. Koma malamulowa amagwira bwino fakitale yokhala ndi chumuni, chiphaso ndi geti. Utsi umene mwana wa ku Zengeza 2, m'tauni ya Chitungwiza, amapuma umatuluka pafupi ndi khomo lake: kwa opopera penti magalimoto pabwalo, kwa otentha mawaya pofuna kopa, kwa oyatsa matayala ndi zinyalala zimene khonsolo sinatole. Ife tikuti khonsolo ya Chitungwiza ndi EMA asiyanitse ntchitozi molingana ndi kuopsa kwake, ndipo ayambe ndi mtovu.

Mtovu wa m'mabatire akale ukasungunulidwa, fumbi lake limatera m'dothi momwe ana amasewera, n'kuwononga ubongo wawo mosabwerera. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ungatchedwe wosavulaza. Ku Thiaroye-sur-Mer, pafupi ndi Dakar, ana 18 adamwalira pakati pa 2007 ndi 2008 chifukwa anthu ankaphwanya mabatire pamakomo pawo. Ku Owino Uhuru ku Mombasa, kafakitale kamodzi kosungunula mtovu kadadwalitsa mudzi, ndipo mu 2020 khoti lidagamula chipukutamisozi cha ndalama za ku Kenya zokwana 1.3 biliyoni. Ndalamazo sizingabweze nzeru za mwana. Ntchito yophwanya mabatire ndi kusungunula mtovu pakati pa nyumba iletsedwe kotheratu, pamodzi ndi kutentha mawaya ndi matayala, ndipo ogula kopa asamalandire waya wotenthedwa.

Ena anena kuti tikufuna kulanda anthu nsima pakamwa. Mantha awo ndi omveka, pakuti mabanja ambiri m'tauniyi, kuphatikizapo a zidzukulu za Amalawi amene adabwera kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, amadalira luso la manja. Komanso sadaiwale kampeni ya boma ya Murambatsvina ya 2005, pamene misika ndi mashedi zidagwetsedwa koma anthu n'kubwerera chifukwa kunalibe kwina kodyera. Sitikupempha zimenezo. Wowotcherera zitsulo ndi wopopera penti apatsidwe malo osonkhana, otalikirako ndi nyumba ndi sukulu, okhala ndi magetsi, madzi ndi lendi yoti angakwanitse. Amisiri akakhala pamodzi, woyendera mmodzi wa EMA angathe kuwaona onse tsiku limodzi, ndipo chipinda chimodzi chopoperamo penti chokoka mpweya chingathandize anthu ambiri.

Zoti khonsolo ilibe ndalama timazimva kawirikawiri. Komatu imatolera misonkho kwa amalonda omwewa, ndipo malo ili nawo m'manja. Iyambe ndi kutola zinyalala pa nthawi yake, chifukwa khonsolo yosiya milu ya zinyalala m'misewu singalipiritse chindapusa munthu amene wayatsa muluwo, anthu n'kuimvera.