Mowa ukavulaza munthu, amalipira ndani?

Fodya akagulidwa ku Furancungo, kapena mbatatesi zikagulidwa ku Tsangano, ndalama zimayenda. Mabaraka amadzaza ndipo ogulitsa mowa amasangalala. Koma pali funso limene ambirife sitifunsa. Mowawo ukadwalitsa munthu, amalipira ndani? Nanga woledzera akagunda mwana ndi njinga yamoto, mlandu ndi wa yekhayo?

Zoterezi zinacitikapo m'cigawo cathu comwe cino ca Tete. Mu Januwale 2015, ku Chitima m'boma la Cahora Bassa, anthu ocokera kumaliro anamwa phombe. Anthu 75 anamwalira ndipo ena ambiri anagonekedwa m'cipatala. Poyamba kunamveka mphekesera zakuti wina anathiramo ndulu ya ng'ona. Akatswiri atapima, anapeza kuti munalibe ndulu. Poizoni anacokera ku tizilombo tosaoneka ndi maso timene tinamera mu ufa woonongeka. Mayi wofulula mowawo nayenso anamwalira. Apa tikuona kuti mowa ungaphe anthu ngakhale popanda munthu wa mtima woipa.

M'madera ambiri a ku America muli lamulo lokhudza eni mabala ndi malo odyera. Akagulitsa mowa kwa mwana, kapena kwa munthu amene waledzera kale, munthuyo n'kukavulaza wina, mwini bala angaimbidwe mlandu. N'cifukwa cake amagula inshuwalansi, imene kuno timati seguro. Amapereka ndalama pang'ono caka ciliconse. Tsoka likagwa, kampani ndiyo imalipira wovulalayo.

Kuno ku Mozambique seguro timaidziwa kwambiri pa galimoto. Lamulo limakakamiza mwini galimoto kukhala nayo, kuti akagunda munthu papezeke colipira. Makampani ake alipo, monga EMOSE. Koma mayi wofulula masese kapena woceza kacasu kumudzi safika ku maofesi amenewo. Bizinesi yake ndi yaing'ono, ndipo nthawi zambiri ilibe mapepala a boma.

Kusowa seguro sikufafaniza mlandu ayi. Lamulo la dziko lathu limati wovulaza mnzake mwadala kapena mosasamala ayenera kulipira. Ndiye ndalamazo zicokera kuti? M'thumba la wogulitsa. Mbuzi zimapita, njinga imapita, ngakhale cimanga ca m'nkhokwe. Ndipo wogulitsayo akakhala wosauka, banja la wovulala limangotsala manja lende, basi.

Palinso lamulo lonena za mowa. Limaletsa kugulitsa mowa kwa ana osakwana zaka 18. A boma amene amayendera malo a malonda angathe kulipiritsa cindapusa kapena kutseka malo ophwanya lamulo.

Ife a m'malire tili ndi vuto linanso. Katundu amadutsa tsiku ndi tsiku pakati pa Tsangano ndi Ntcheu ku Malawi. Mowa wina waukali umafika m'zigubu zopanda dzina. Munthu akadwala nawo, wopanga sapezeka. Wotsala kuti ayankhe ndi inu amene munamuthirira m'kapu.

Tsono mungacite ciyani? Ngati muli ndi bala kapena malo odyera olembetsedwa, funsani ku kampani za seguro yolipira anthu ovulala pamalo panu. Mufunse momveka ngati nkhani za mowa zilimo. Werengani pepala lonse musanasaine. Pamene simukumva, pemphani wina akuwerengereni.

Ngati mumagulitsa pakhomo, seguro yanu ndi cisamaliro. Ufa wonyowa kapena wacuku, tayani, musafululire mowa. Musagule mowa wosadziwika kocokera. Mwana wotumidwa ndi botolo, mubwezeni. Munthu akayamba kudzandira, musamuonjezere, makamaka ngati wabwera pa njinga yamoto. Inde adzakwiya, mwina adzapita kwa wina. Koma phindu la botolo limodzi silingalipire maliro.