Nsomba yobwezera m'madzi ndi mtengo wa ndiwo ku Chilobwe

Pamsika wa Chilobwe nsomba imagulidwa pa mulu, ndipo kawirikawiri muluwo umakhala wa usipa, bonya, matemba kapena utaka wouma. Chambo ndi cha pakutha pa mwezi, mwinanso ayi. Munthu wozolowera msika wotere mukamuuza kuti kuli anthu amene amakwera ndege, kubwereka boti ndi kulipira chiphaso kuti akawedze nsomba yaikulu, aijambule chithunzi kenako aibwezere m'madzi ili yamoyo, amayamba waseka, kenako mkwiyo umabwera. Mkwiyowo uli ndi maziko ake, ndipo suyenera kunyozedwa. Komabe ine ndikuona kuti kuwedza kongosangalala kuli ndi malo ake m'dziko muno, malo ochepa ndithu, ndipo kuyenera kuyezedwa ndi muyeso umodzi: kodi kukusiya nsomba zambiri zoswana m'madzi kuposa mmene zikanakhalira kukanapanda iko?

Kumodzi kumene masewerawa anakula kwambiri ndi kumpoto kwa Australia, ndipo nsomba yake yotchuka ndi barramundi, yomwe imakhala m'mitsinje ndi m'mathiriro a nyanja yamchere ndipo imatha kupitirira mita imodzi kutalika. Nsombayi imayamba moyo wake ili yaimuna, ndipo ikakula imasanduka yaikazi, kotero kuti nsomba zikuluzikulu zomwe aliyense amazifuna ndi zomwe zimaikira mazira. Ndi chifukwa chake malamulo a ku Queensland amaletsa kutenga barramundi yosakwana masentimita 58 komanso yopitirira masentimita 120, ndipo kugombe la kum'mawa amatseka usodzi wake kuyambira mu Novembala mpaka kumapeto kwa Januwale. Mu 2015 boma la chigawocho linachotsa maukonde a asodzi amalonda m'madera atatu, kufupi ndi Cairns, Mackay ndi Rockhampton, n'kusiyira madziwo owedza ndi mbedza. Chaka chomwecho chigawo cha Northern Territory chinayambitsa mpikisano wa Million Dollar Fish, momwe amaika tizizindikiro pa nsomba zingapo n'kuzitulutsira m'mitsinje, ndipo wogwira yamwayi amalandira ndalama. Ganizo lawo ndi loti nsomba imodzi yamoyo, yomwe ingagwidwe kangapo ndi alendo ogona m'mahotela ndi kugula mafuta, imabweretsa chuma chochuluka kuposa nsomba yomweyo itagulitsidwa kamodzi pa sikelo.

Masamu amenewa amagwira ntchito ku Australia chifukwa barramundi si ndiwo ya munthu wosauka kumeneko, ndiponso owedza mongosangalala ndi ambiri kuposa asodzi a maukonde, moti andale amawamvera. Asodzi amene anachotsedwa ku Queensland boma linawagula ziphaso zawo. Kwathu kuno zinthu zili chozondoka. Nsomba ndiyo nyama ya anthu ambiri, asodzi ndi zikwi makumi angapo, ndipo kumbuyo kwa msodzi aliyense kuli owamba, oyanika pa thandala, okonza maukonde, amalole ndi amayi a geni amene amapikula ku Limbe m'mamawa kukagulitsa m'makwalala a Chilobwe, Bangwe ndi Ndirande. Aliyense amene angabwere ndi nzeru yoti tichotse matchera ndi chilimira pa doko lina kuti alendo awedze momasuka ayenera kuyamba wayankha kuti anthu onsewa adya chiyani, ndipo boma lomwe limavutika kugula mafuta a boti loyendera nyanja silingawagule ziphaso. Mbali imeneyi ya chitsanzo cha ku Australia tisaitengere n'komwe.

Koma otsutsa masewerawa nawonso ayenera kuvomereza kuti si mbedza ya mlendo yomwe inachotsa chambo pa mbale ya ku Chilobwe. Ku Nyanja ya Malombe asodzi anakola matani oposa 8,000 a chambo mu 1982, ndipo pasanathe zaka khumi ndi zisanu nsombayi inali itatsala pang'ono kusoweratu. Zinaimaliza ndi makoka a maso ang'onoang'ono monga kambuzi ndi nkacha, omwe amakokolola ana a nsomba ndi kusesa udzu wa pansi pa madzi pomwe chambo chimaswanira. Ntchila, yomwe kale inali nsomba yodziwika pa malonda, inatha chifukwa chotchingiridwa pa mathiriro a mitsinje ikamakwera kukaswana. Mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu itatu ya chambo m'gulu la zamoyo zomwe zili pafupi kwambiri kutheratu. M'zaka za m'ma 1970 Mmalawi mmodzi ankadya pafupifupi makilogalamu 14 a nsomba pa chaka, ndipo pofika m'ma 2000 chiwerengerocho chinali chitatsika kupitirira theka. Masiku ano nsomba yochuluka yomwe imatuluka m'nyanja ndi usipa. Malamulo alipo: lamulo la zausodzi, nyengo yotseka nyanja kuyambira mu Novembala, makomiti a m'madoko omwe anayambira ku Malombe mu 1993. Chosowa ndi ndalama ndi anthu oti alondere, ndipo n'chifukwa chake neti za udzudzu zikusokedwabe kukhala makoka.

Apa ndi pomwe wowedza mongosangalala angakhale wothandiza, chifukwa iye amalipira kuti nsomba ikhalepo, osati kuti ichoke. Chitsanzo chapafupi ndi mtsinje wa Bua. Mpasa, nsomba yamphamvu ya m'Nyanja ya Malawi yomwe imakwera mitsinje kukaswana pa miyala ndi mchenga woyera, inasowa m'mitsinje yambiri chifukwa cha matope ochokera m'minda, maukonde otchinga mathiriro ndi kuthira katupe. Mu Bua ikupezekabe chifukwa gawo lina la mtsinjewu limadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, yomwe bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa mu 2015, ndipo alendo amene amaloledwa kuwedzamo amayenera kubwezera nsombayo m'madzi. Mpasa yoswana mu Bua siikhala mu Bua. Ana ake amatsikira kunyanja, komwe asodzi wamba amawakola. Mlendo wa mbedza yodula uja, kaya akudziwa kaya sakudziwa, amalipirako ulonda wa khola lomwe ena amadzadyamo. Ku Namibia, pa mtsinje wa Zambezi, anthu a dera la Sikunga anapatula ngalande ina kuti musalowe maukonde, ndipo alonda ake amathandizidwa ndi eni malo ogona alendo ndi magulu a owedza. Kumunsi kwa Shire, kuchokera pa Kapichira kutsika ku Chikwawa mpaka ku Elephant Marsh, kuli tigerfish yomwe imakopa anthu ku Kariba ndi ku Cahora Bassa, ndipo palibe chifukwa choti zofanana ndi za ku Sikunga zisayesedwe pa makhwawa angapo, bola eni dera avomere okha.

Pali zotsutsa zingapo zomwe sizingangokankhidwira pambali. Ena amati kubwezera nsomba m'madzi ndi bodza lodzitonthoza, chifukwa nsomba yomwe yalimbana ndi chingwe kwa nthawi yaitali, yang'ambika kukamwa ndi kukhala kunja kwa madzi pojambulidwa, imatha kukafera patsogolo. Izi n'zoona kwa zina, makamaka madzi akatentha kapena mbedza ikamezedwa mpaka m'mimba. Koma ukonde wa matchera sumasula nsomba ngakhale imodzi, ndipo imfa zobwera ndi mbedza zimachepa ndi malamulo osavuta: mbedza zopanda ndevu, kusatulutsa nsomba m'madzi nthawi yaitali, kusawedza pa nthawi yoikira mazira. Ena amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, kutanthauza kuti banja la njala silingadikire phindu la zaka zisanu. Yankho lake si kulalikira za kuleza mtima, koma kuonetsetsa kuti banja lomwe lasiya khwawa lina lalandira kanthu chaka chomwecho, kaya ndi ntchito yopalasa bwato, yolondolera alendo, ya ulonda, kapena gawo la ndalama za chiphaso.

Chotsutsa cholemera kuposa zonse ndi cha kumene ndalama zimapita, ndipo mbiri ili kumbali ya otsutsa. Nsomba za trout zinaikidwa m'mitsinje ya pa phiri la Zomba, Mulanje ndi Nyika m'nthawi ya atsamunda kuti azungu azisangalala pa Sabata, ndipo black bass anathiridwa m'madamu a m'minda ya tiyi ndi malo ena ofanana pa chifukwa chomwecho. Mwini dera ankanyamula dengu la bwana. Ngati lero mlendo alipira mu ndalama zakunja ku kampani ya ku Johannesburg, nagona pa malo a mwini wochokera kunja, ndipo mudzi woyandikana nawo n'kungolandira chiletso, ndiye kuti palibe chasintha kupatula mtundu wa boti. Anthu oletsedwa popanda phindu amapita usiku, ndipo sindingawadzudzule kwambiri. Chilumba cha Mbenji ku Salima chikutikumbutsanso kuti kuteteza nsomba sikudikira mlendo: kuyambira m'zaka za m'ma 1950 ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi pa chilumbachi m'miyezi ya dzinja, ndipo asodzi amamvera chifukwa amaona utaka wonenepa nyengo ikatsegulidwa. Ndalama ya wowedza iyenera kudzalimbikitsa ulamuliro wa mtundu umenewu, pa pangano lolembedwa ndi komiti ya padoko ndi mfumu, lomwe aliyense angathe kuliwerenga. Ikabwera kudzalowa m'malo mwake, ikanidwe.

Chinthu chimodzi chokha chisakhale cha zokambirana, ndicho kubweretsa nsomba yachilendo. Barramundi ili ndi mbale wake mu Africa, Nile perch, yomwe inathiridwa m'Nyanja ya Victoria m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, ndipo mwa zifukwa zomwe zinaperekedwa munali kukweza malonda ndi kusangalatsa owedza. Pofika m'ma 1980 inali itachulukana n'kudya mitundu pafupifupi 200 ya nsomba zing'onozing'ono za m'banja limodzi ndi utaka ndi mbuna zathu. Mafakitale otumiza minofu ku Ulaya anapindula, pamene anthu a m'mphepete mwa nyanjayo ambiri anatsala ndi mitu ndi mafupa. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse pa dziko lapansi, ndipo ndicho chifukwa chake malo otetezedwa a ku Cape Maclear analowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984. Ngakhale tigerfish ya ku Chikwawa ndi mlendo kumtunda kwa mathithi a Shire, moti pa mapulani a ngalande yaikulu ya ulimi wothirira ya ku Shire Valley anaikapo chotchinga kuti isakwere. Mwini damu amene akufuna nsomba yolimbana nayo pa chingwe asapatsidwe chilolezo choitanitsa yakunja, ngakhale alumbire kuti damu lake silisefukira. Anthu a ku Chilobwe, amene anaona zomwe namondwe Freddy anachita pa phiri la Soche mu Malichi 2023, akudziwa kuti madzi sasunga malonjezo a munthu.

Pomaliza pake, kuwedza kongosangalala sikuyenera kukhala kwa alendo okha. Mu Blantyre muli madamu a Chimwankhunda, Chiwembe ndi Mudi, ndipo anyamata a m'makomboni akhala akuponya mbedza m'madzi a mumzinda kuyambira kale, ndi nsungwi ndi nyongolotsi. Damu la Chimwankhunda, lomwe anthu a ku Chilobwe ndi Zingwangwa amafikako wapansi, ladzaza matope ndi zinyalala zotsika ndi mvula. Khonsolo ya mzinda ndi nthambi ya zausodzi zitati zilikonze, zithiremo makumba ndi chilunguni zomwe ndi nsomba zathu zomwe, ziletse maukonde, ziike kandalama kochepa ka pachipata ndi malire a nsomba zomwe munthu angatenge pa tsiku, wowedza wa kumeneko sangafunikire kubweza zonse m'madzi. Angabweze zazing'ono ndi zamazira, n'kutenga ziwiri kapena zitatu za ndiwo. Ntchito yoyamba ingakhale kuyeza madziwo kuti tidziwe ngati nsomba yake ingadyedwe, chifukwa mitsinje ya mumzinda uno imanyamula zonyansa za m'mafakitale ndi m'zimbudzi.