Minda ya ku Cornwall ndi manja amene anailima

Kumathero kwa dziko la England, kumwera chakumadzulo, kumene mtunda umasongoka nuloza m'nyanja ya Atlantic, kuli dera la Cornwall, limene Namalenga analikomera mtima polininkha nyengo yofatsa. Pakuti ngakhale lili kutali kumpoto, kumene munthu akadayembekeza chisanu choumitsa nthaka, madzi ofunda ochokera kutsidya la nyanjayo amasambitsa magombe ake, kotero kuti m'zigwa zake zotsikira kumadzi mumamera nsungwi ndi kanjedza, ndipo maluwa a ku China amachita kuti ngwee m'mwezi wa Malichi, pamene madera ena a dzikolo akadali mbuu. N'chifukwa chake chaka ndi chaka khwimbi la anthu limakhamukira kumeneko kukaona minda ya maluwa ndi nyumba zakale za anthu olemera, zimene kale munthu wamba sakadaponda ngakhale pachipata pake. Abale athu okhala ku Britain, amene ambiri a iwo sadziwa njira ina koma ya kuntchito ndi ya kutchalitchi, ndikuwadandaulira kuti akapeza mpata apiteko. Koma apite ndi funso mumtima, lakuti kodi ulemerero wonsewu unalipiridwa ndi thukuta la yani.

Taonani munda wa Glendurgan, pamtsinje wa Helford, umene Alfred Fox, wa banja la amalonda a zombo a ku Falmouth, anautsegula m'chigwa, nabzalamo mu 1833 mpanda wa zitsamba wokhotakhota wosokeretsa, umene ana akusewerabe m'menemo kufikira lero. Pafupi pomwepo pali Trebah, munda wa mbale wake Charles Fox, umene umatsetsereka kufikira pagombe pamene asilikali a ku America anakwerera zombo mu 1944 kunka kunkhondo ku Normandy. Mayina a eni akewa alembedwa paliponse, ndipo sindikuwachitira kaduka, popeza munthu wobzala mtengo umene mthunzi wake sadzaukhalira ayenera ulemu.

Koma mbewu zimenezi sizinauluke zokha kudza ku Cornwall. Ku Caerhays, banja la Williams, limene chuma chake chinatuluka m'migodi ya mkuwa, momwe amuna ankatsikira mumdima nafa ndi chifuwa asanamere imvi, linkalipira George Forrest kuti ayendeyende m'mapiri a Yunnan kusaka mbewu za maluwa; ndipo Forrest, amene anamwalira komweko mu 1932, sankakwera mapiriwo yekha, koma ankadalira anthu a mtundu wa Naxi, amene ankadziwa pamene duwa lililonse limamera ndi nyengo imene njere zake zimakhwima. Mlendo wowerenga timapepala tomangidwa pamitengo adzapeza dzina la Chilatini, kawirikawiri lotamanda Mzungu wina, koma la mwini phiri sadzaliona.

Nkhani imene imalemera koposa ndi ya Trengwainton, kufupi ndi Penzance. Sir Rose Price, amene anagula malowo mu 1814, anamanga munda wa ndiwo wozingidwa ndi makoma a njerwa, umene akuti muyeso wake unatsata wa chingalawa cha Nowa, ndipo mizere yake anaipendeketsa kuti ilandire dzuwa la m'nyengo yozizira. Ndi ntchito ya luso ndithu, ndipo woiona sangaleke kugwira pakamwa. Komatu ndalama zomangira chingalawa chimenechi zinachokera ku Worthy Park, munda wa nzimbe wa ku Jamaica, kumene ana a Africa ankalima ali akapolo, osalandira kanthu koma mkwapulo. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pamene bungwe la National Trust, limene linakhazikitsidwa mu 1895 ndipo likusunga Trengwainton ndi Glendurgan, linatulutsa mu 2020 lipoti losonyeza kuti malo ake 93 ali ndi mbiri yokhudza ukapolo kapena utsamunda, anthu ena a ku Britain anapsa mtima, nati bungwelo likuipitsa tsiku la munthu wongofuna kununkhiza maluwa ndi kumwa tiyi. Ine ndikuti anthu amenewa analakwa, ndipo analakwira ngakhale minda imene amati akuiteteza. Pakuti duwa silifota chifukwa chakuti wanena zoona uli pambali pake, ndipo munthu wamkulu angathe kusirira khoma la njerwa kwinaku akulira amene analilipira ndi miyoyo yawo. Komanso sindigwirizana ndi anzathu ena amene amati malo otere ndi ofunika kuwanyanyala. Mdzukulu wa Africa akakana kulowamo, ndani adzaima pa Trengwainton ndi kukumbukira a ku Worthy Park monga abale?

Pali munda umodzi umene unasankha njira yabwino, ndiwo Heligan, kufupi ndi mudzi wa asodzi wa Mevagissey. Unali wa banja la Tremayne. Koma nkhondo ya 1914 itauka, anyamata olima m'mundamo anapita kunkhondo, ambiri osabwerera, ndipo minga ndi ziyangoyango zinaumeza pang'onopang'ono kwa zaka makumi angapo. Mu 1990 Tim Smit ndi John Willis, mdzukulu wa banjalo, analowa m'thengomo, ndipo thengolo likudulidwa, pakhoma la kachimbudzi ka antchito panapezeka mayina amene alimiwo analemba ndi pensulo mu Ogasiti 1914. Ndipo okonzanso mundawo anatsimikiza mtima kuti aukonze pokumbukira antchitowo. Lero mlendo amaona zipangizo zawo, tizipinda tawo, ndi dzenje la zinanazi lotenthetsedwa ndi ndowe za akavalo zikamaola, mmene alimi akale ankakololera chipatso cha kotentha m'dziko lozizira, kuti bwana akadyetse alendo ake ndi kudzitama. Amene anagwirapo khasu adzakhalitsa pa dzenje limeneli kuposa pa duwa lililonse, chifukwa adzazindikira kuchuluka kwa mawilibala a ndowe amene munthu wina ankakankha m'mamawa kukuzizira.

Za mtengo wolowera ndinenepo pang'ono, popeza ambiri amadandaula nawo, ndipo kwa banja la ana anayi ndi wolemetsadi. Gawo lina la ndalamazo ndilo limalipira alimi a lero, amene mudzawapeza atagwada m'mizere, ndipo amayankha mokondwa mlendo akawalonjera ndi kuwafunsa za ntchito yawo. Wopita asankhe munda umodzi patsiku, osati itatu, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Anyamule chovala cha mvula, chifukwa nyanja imene imafunditsa Cornwall ndiyo imamubweretseranso mvula yosapangana nayo, ndipo njira za m'zigwazo zimaterera.