Bwato Silichotsa Munthu mu Umphawi

Pali chizolowezi chimene chazika mizu m'mizikiti yathu ya m'mbali mwa nyanja, ndipo chiyenera kudzudzulidwa poyera. Ikafika nthawi yolemba mayina a oyenera kulandira Zakaat, msodzi amadumphidwa. Mukafunsa chifukwa, amati: "Ameneyo ali ndi bwato." Olembawo amayeza umphawi ndi maso: sanza, denga lodontha, dzanja lopempha. Muyeso umenewu si wa Chisilamu.

Akatswiri a zachuma nawo ali ndi miyeso yawo. Mu 2022 banki ya World Bank idati wosaukitsitsa ndi amene amakhalira ndalama zosakwana madola 2.15 patsiku, ndipo mu 2025 idakweza mlingowo kufika pa madola 3. Nambala yotere ingathandize boma powerenga anthu, koma sidziwa mwera. Msodzi angaphe usipa wambiri usiku umodzi, kenako mphepo n'kumukhazika kumtunda sabata yathunthu ana akugona ndi njala. N'chifukwa chake Amartya Sen wa ku India, amene adalandira mphoto ya Nobel mu 1998, adaphunzitsa kuti umphawi ndi kulephera zimene munthu ayenera kukwanitsa: kudya mokwanira, kuphunzira, kuonekera pagulu popanda manyazi.

Maulama athu adaifikira mfundoyi zaka mazana ambiri Sen asanabadwe. Sura At-Tawbah, ndime 60, ikutchula mafakiri ndi masikini ngati magulu awiri. Sura Al-Kahf, ndime 79, ikutiuza kuti chombo chimene Khidr adachiboola pamaso pa Mneneri Musa, mtendere ukhale pa iye, chinali cha masikini ogwira ntchito panyanja. Anali ndi chombo, anali ndi ntchito, komabe Allah adawatcha masikini. Apa ndi pamene padatsamira madhhab a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife timatsatira: fakiri sapeza ngakhale theka la zosowa zake, pomwe masikini amapeza koma sizimukwanira. Banja likamasowa 10 pamene bambo akupeza 7, bamboyo ndi masikini. Muyeso wake ndi kifaya, kutanthauza kukwanira, osati maonekedwe.

Ena anena kuti Zakaat ndi yochepa, tiyambe tathandiza amasiye. Yambani nawodi. Koma kuyamba ndi wosowetsetsa n'kosiyana ndi kufufuta dzina limene Qur'an idalilemba. Imam Nawawi adafotokozanso kuti mmisiri wosowa apatsidwe zokwanira kugulira zida za ntchito yake. Ukonde umodzi ungadyetse banja miyezi yambiri. Shuga wa m'Ramadhan amatha Eid isanafike.

Choncho, inu amene mwasenza udindo wogawa chuma chimenechi, lekani kuwerenga mabwato pagombe. Kafikeni pakhomo, mufunse mwaulemu ndi mwamseri ngati ufa ukufika kumapeto a mwezi, ngati ana ali pasukulu, ngati ngongole ya ukonde idabwezedwa. Zakaat si mphatso yanu. Ndi gawo la eni ake, ndipo pa Tsiku la Chiweruzo mudzafunsidwa za amene mudawadumpha.