Basela wa khadi la ngongole asatipusitse

Tikadzayamba kulandira malipiro, ena a ife tidzakopeka ndi makhadi a ngongole obweza kangachepe pa zomwe tagula. Makhadiwa ndi ofala ku America, komwe la Citi Double Cash limabweza madola 2 pa 100 alionse, kaya wagula sopo kaya mafuta a galimoto. Pa zogula za tsiku ndi tsiku, labwino ndi lotere: lobweza mofanana pa chilichonse, lopanda cholipira pachaka.

Koma chiwongoladzanja cha makhadi ambiri kumeneko chimapitirira madola 20 pa 100 pachaka. Ngongole ikagona chaka, basela wa madola 2 watidyera 20. Choncho tisagule ndi khadi chinthu chomwe sitingathe kulipira chonse pakutha pa mwezi. Kupanda kutero, talowa katapila wovala tayi.