Mawu a Coltrane sali m'chitsulo

Sabata yatha ndinagona masiku 7 ndi katundu wa eni ake pansi pa pilo. Si chithumwa ayi. Ndi mouthpiece ya sakisofoni ya tenor, kachitsulo konyezimira ngati golide kokwana m'dzanja limodzi, ndipo ndinkaopa kuti anzanga a m'chipinda angakayese chotsegulira botolo. Anandibwereka ndi bambo ena amene amaliza sakisofoni m'mahotela ku Blantyre. Anaigula ku Johannesburg, koma sinawakhale bwino pakamwa, ndiye akuigulitsa. Pondipatsa anati, "Mphwanga, ukaikonda ulipire, ukapanda kuikonda ubweze yopanda chipsera." Mtengo wake ndi ndalama yanga ya chakudya ya miyezi itatu. Choncho nkhaniyi kwa ine sinali yamasewera.

Kwa inu amene simuliza chida chimenechi, ndifotokoze pang'ono. Sakisofoni anaipanga ndi Adolphe Sax, mbadwa ya ku Dinant m'dziko la Belgium, ndipo anailembetsa ku Paris mu 1846. Thupi lake ndi lamkuwa, koma mawu sayambira m'thupimo. Amayambira pakamwa, pamene pali mouthpiece ndi kabango kopalidwa mopyapyala komwe oimba amati reed. Ndi bango ndithu, mtundu wa Arundo donax, ndipo lotchuka kwambiri limalimidwa kummwera kwa France. Ukauzira mpweya, kabangoka kamanjenjemera, kutseka ndi kutsegula kampata kapakati pa iko ndi nsonga ya mouthpiece. Kukula kwa mpatawo, kupindika kwa malo amene kabango kamagonapo, kutsetsereka kwa denga la m'kati lomwe amati baffle, ndi kukula kwa chipinda cha m'kati chomwe amati chamber, zonsezi zimasintha momwe chida chikuyankhira. Kusiyana kochepa ngati kunenepa kwa tsitsi limodzi woimba amakumva.

Imene ndinabwerekayi ndi yokopera. Anaipanga posachedwapa potsanzira Otto Link Super Tone Master yakale, ya nthawi imene oimba amangoti "Florida". Otto Link ankapanga ma mouthpiece ku New York kuyambira m'zaka za m'ma 1930. M'ma 1950 ntchitoyi inasamukira ku Pompano Beach ku Florida, ndipo m'ma 1970 inapita m'manja mwa kampani ya J.J. Babbitt ya ku Elkhart, Indiana. Za ku New York ndi za ku Florida ndi zimene anthu amalimbirana lero, chifukwa akatswiri ambiri a jazz a nthawi imeneyo ankaliza Otto Link. John Coltrane ankaliza yachitsulo, Stan Getz ya labala wolimba. Yeniyeni ya ku Florida yosamalika bwino imagulidwa madola opitirira 1,000. Yokopera imatsika kufika pa madola mazana ochepa. Kwa munthu wa ku New York kumeneko ndi kutchipa. Kwa ife, chiyambire pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngakhale yotchipayo ndi phiri.

Tsiku loyamba inandichititsa manyazi. Mouthpiece yanga ya masiku onse ndi ya pulasitiki, ya ophunzira, mpata wake sufika mamilimita 2. Yobwerekayi ndi saizi 7*, mpata wake ndi 0.105 ya inchi, pafupifupi mamilimita 2.7. Ndinaikapo kabango kanga kozolowera ka nambala 3, n'kuuzira. Kunatuluka mphepo yokhayokha, kenaka kulira ngati kwa mbuzi yomangidwa. Patatha mphindi 20 milomo inali itatopa ngati ndakhala ndikufufumitsa mabaluni a paukwati. Mpata waukulu umafuna kabango kofewerapo, ndiye tsiku lachiwiri ndinatsikira pa 2½, ndipo zinthu zinayamba kuyenda.

Tsiku lachitatu ndi pamene ndinatsala pang'ono kutumiza ndalama. Mawu apansi anatuluka onenepa, odzaza chipinda. Ndikauzira mwamphamvu, mawu sankaphwanyika monga amachitira pa yanga ija, ankangokula. Ndikauzira pang'onopang'ono, kunkabwera kaphokoso ka mpweya kosangalatsa kaja timamva m'nyimbo zodekha za Ben Webster. Ndinaliza mpaka mlonda anabwera kudzagogoda pawindo. Usiku umenewo ndinawerengera kuti ndikhoza kukhala miyezi itatu pa soya ndi chigumu.

Chinandipulumutsa ndi foni. Tsiku lachinayi ndinajambula nyimbo imodzi kawiri, malo amodzi, foni ili pa mpando womwewo: koyamba ndi yanga ya pulasitiki, kachiwiri ndi yobwereka. Ndinamvetsera anzanga 6 a m'kwaya osawauza kuti iyi ndi iti. Atatu anasankha yobwereka, awiri ya pulasitiki, mmodzi anafunsa ngati sindinangowaseweretsa chinthu chimodzi kawiri. Koma onse anagwirizana pa mfundo imodzi imene sindinawafunse n'komwe: m'zojambula zonse ziwiri, mawu anga apamwamba ankakwera kupitirira muyezo, ndipo ndinkapuma pakati pa chiganizo cha nyimbo. Kusiyana kunalipo, sindikukana. Koma kunali kochepa kwambiri poyerekeza ndi kumene ndinkamva ine ndikuliza. Chifukwa chake n'chodziwika. Mano apamwamba amakhala pa mouthpiece, ndiye kunjenjemera kumadutsa m'mafupa a mutu kufika m'makutu. Woimba amamva zimene omvera sakumva.

Apa ndi pamene pagona maganizo anga. Vuto si mouthpiece yokopera. Vuto ndi chimene timaganiza kuti tikugula. Sitigula mkuwa wosemedwa mwaluso, timagula chiyembekezo chakuti mawu a munthu amene anamwalira mu 1967 adzatuluka m'kamwa mwathu Loweruka likubwerali. Ogulitsa amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake mayina a akatswiri sasowa m'malonda awo.

Koma mbiri ya akatswiri omwewo ikutsutsa chiyembekezocho. Mu Meyi 1953, ku Massey Hall mumzinda wa Toronto, Charlie Parker analiza sakisofoni ya alto ya pulasitiki, ya mtundu wa Grafton. Mvetserani chimbale cha usiku umenewo. Palibe amene angamusokoneze ndi munthu wina. Dexter Gordon anasintha chida, kuchoka pa Conn kupita pa Selmer, ndipo anakhalabe Dexter Gordon. Joe Henderson ankaliza Selmer Soloist, mouthpiece imene ambiri amaiona ngati ya nyimbo zachikale za ku Ulaya, koma jazz yake inagwedeza dziko.

Asayansi nawonso anaikapo mlomo. Mu 2008, Jer-Ming Chen, John Smith ndi Joe Wolfe a ku University of New South Wales ku Australia anasindikiza kafukufuku m'magazini ya Science. Anapeza kuti akatswiri a sakisofoni amasintha kaumbidwe ka kukhosi ndi m'kamwa kuti afike pa mawu apamwamba kwambiri, pamene ongoyamba kumene sadziwa kutero. Mwachidule, theka la chida lili m'thupi la woimba, ndipo theka limenelo silibwera pa positi. Kwa oliza vayolini kunachitikanso zofanana. Kafukufuku wa Claudia Fritz ndi anzake, wosindikizidwa mu 2012, anapatsa oimba 21 mavayolini akale a ku Italy, kuphatikizapo a Stradivari, pamodzi ndi atsopano, atavala magalasi owalepheretsa kuona bwino. Ambiri anasankha atsopano kuti ndiwo angapite nawo kunyumba.

Ndikudziwa chimene ena mwa inu mukufuna kunena: ngati chida chilibe ntchito, bwanji Coltrane mwiniwake ankavutika nacho? N'zoona, ndipo mfundoyi ndi yolemera. Pocheza ndi Frank Kofsky mu 1966, Coltrane anafotokoza kuti chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 anakonzetsa mouthpiece yake yokondedwa n'kuiwononga, ndipo izi zinamusokoneza pa kalizidwe kothamanga m'nyengo imene anajambula chimbale cha Ballads. Ndiye chida chili ndi ntchito ndithu. Koma taonani bwino nkhaniyo. Munthu amene ankayeserera maola ambirimbiri tsiku lililonse, mpaka kugona ndi chida m'manja, ndi amene anamva kupweteka kwa kusintha kochepa chotero. Ndipo Ballads, chimbale cha m'nyengo ya vutolo, aliyense amachizindikira kuti ndi Coltrane pa mawu oyambirira. Chida chimafewetsa kapena kulimbitsa njira yopita ku mawu amene uli nawo kale m'mutu. Sichikupatsa mawuwo.

Palinso funso limene otsatsa malonda sakonda: mukukopera iti? Ma Otto Link akale ankamalizidwa pamanja, ndiye awiri a saizi imodzi sankafanana ndendende. Ambiri mwa amene atsala lero anadutsa m'manja mwa amisiri amene anawapala ndi kuwakulitsa mpata m'zaka 60 zapitazi. Wokopera amasankha imodzi imene waikonda, kuiyeza ndi makina, kuisema ndi makina oyendetsedwa ndi kompyuta, n'kuimaliza ndi tupa. Chotuluka ndi chithunzi cha mouthpiece imodzi, monga mmisiri mmodzi anaimvera. Si "Florida" yonse.

Komabe sindili m'gulu la amene amanyoza zokopera kuti ndi zabodza. Chabodza ndi chimene chalembedwa dzina la eni ake kuti chikupusitse. Chokopera chimene chikunena poyera kuti ndi chokopera ndi chilungamo kwa osauka. Chimachotsa kapangidwe kabwino m'kabati mwa olemera osonkhanitsa zinthu zakale, n'kukafikitsa kwa woimba wa pahotela. Imene ndinayesa inapangidwa mwaukhondo, mbali zake zinali zofanana, kabango kankagona popanda mpata wotayira mpweya. Ndikanakhala woimba wolipidwa usiku uliwonse, kufewa kwa kalizidwe kokhako kukanakwanira kuti ndiigule. Chimene ndikukana ndi kuika ngolo yagolide pa ng'ombe yosaphunzira goli.

Kutsanzira pakokha si tchimo, ndi sukulu. Winston Mankunku Ngozi wa ku Cape Town ankamukonda Coltrane kwambiri, moti pa chimbale chake cha Yakhal' Inkomo cha mu 1968 pali nyimbo yoperekedwa kwa Coltrane ndi Wayne Shorter. Koma chimene chinapangitsa chimbalecho kukhala chosaiwalika ndi kulira kwa ng'ombe yopita kokaphedwa kumene anakutulutsa mu tenor yake, kulira kumene anthu akuda a mu ulamuliro wa tsankho anakumva ngati kwawo. Anakopera ndi makutu, kenaka analankhula za kwawo. Zimenezo palibe sitolo imene imagulitsa.

Lolemba ndinakwera minibasi ya ku Limbe ndi kachitsulo kaja nditakakulunga m'sokisi. Bambo aja sanakhumudwe. Anatenga sakisofoni yanga, kulowetsamo kanyali, n'kundionetsa kuwala kukutuluka pansi pa zivundikiro zitatu za mawu apansi. Chida changa chakhala chikutaya mpweya chaka chonse, ine n'kumaimba mlandu pulasitiki. Kukonza kwake, pamodzi ndi bokosi la timabango tatsopano, sikunafike ngakhale theka la mtengo wa mouthpiece ija.

Tinapangana kuti ngati ikhala isanagulidwe pofika tchuthi chachikulu, ndidzaiyesenso. Pakali pano andipatsa ntchito: mphindi 30 m'mawa uliwonse kuliza mawu amodziamodzi, aatali, osagwedezeka, foni ikujambula. Anzanga a m'chipinda ayamba kale kudandaula kuti mbuzi ija yabwereranso.