Adadi, Lule Waya ndi foni yanga

Lamlungu lapitali ndinapita kukaona makolo ku Chilomoni. Titadya nsima, ine ndi mng'ono wanga tinatsegula TV kuti tionere mpira wa ku England. Mphindi 20 zisanathe, magetsi thii! Mng'ono wanga anayamba kudandaula ngati kwagwa maliro.

Adadi anali pakhonde ndi kawailesi kawo ka mabatire. Anangoseka.

"Inu ana a masiku ano mungatchule osewera a Arsenal onse mpaka okhala pabenchi. Koma ndikufunseni za Lule, muzingoyang'anana."

"Lule wake uti, adadi?" anafunsa mng'ono wanga.

Adadi anavula magalasi n'kutembenukira kwa ine. "Wamumva m'bale wakoyu? Mwana wobadwira mu Blantyre muno akufunsa kuti Lule wake uti."

Ine ndinaseka nawo, koma kunena zoona sindinali patali ndi mng'ono wangayo. Dzina la Lawrence Waya ndinkalimva, inde. Ndinkadziwa kuti anali wa Bullets. Kupitirira pamenepo, mbuu. Ndiye monga mwa chizolowezi chathu, ndinatulutsa foni.

Zomwe ndinapeza zinandikhazika pansi. Pa mndandanda wa osewera omwe anavala jezi ya Flames kambiri, woyamba ndi Young Chimodzi ndi masewero 159, wachiwiri Jack Chamangwana ndi 133. Wachitatu ndi Lawrence Waya: masewero 129, zigoli 28, kuyambira 1982 mpaka 1996. Wachinayi ndi Harry Waya, mkulu wake wa Lawrence: masewero 126, kuyambira 1977 mpaka 1987. Taphatikizani nokha. Nyumba imodzi inapatsa dziko lino masewero 255. Ngakhale Kinnah Phiri, mwini zigoli 71 zija, pa kuchuluka kwa masewero akubwera pambuyo pa anyamata awiriwa.

Ndinawawerengera adadi manambalawo mokweza. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wapambana mlandu kwa amfumu, kenaka anatsitsa wailesi n'kuyamba kufotokoza.

Harry ankatchinga kumbuyo, Lule ankasokoneza kutsogolo, onse awiri ali ku Bata Bullets, timu imene lero tikuitcha FCB Nyasa Big Bullets. Nthawi imeneyo adadi ankakhala ku Ndirande ndipo tsiku la Maule ndi Manoma ankanyamuka wapansi m'mawa, kutsata msewu wa Makata mpaka pa Kamuzu Stadium, nzimbe ili m'manja. Ukachedwa malo sunkawapeza. Akuti mpira ukangofika pa phazi la Lule, anthu ankaimirira asanaone n'komwe chomwe achite. Ena ankalowa m'bwalo ndi wailesi paphewa, kumaonera ndi maso kwinaku akumvetsera owulutsa mpira a MBC, ngati kuti maso okha sakukwana.

Anafika pa 1984, chaka chimene Malawi inapita koyamba ku Africa Cup of Nations, ku Ivory Coast. Tinagonja kwa Algeria 3-0, kwa Ghana 1-0, koma pakati pa masewero awiriwo panali la Nigeria mumzinda wa Bouaké. Flames inatsogola 2-0, zigoli za Harry Waya ndi Clifton Msiya. Clement Temile anabweza ziwiri zonse theka loyamba lisanathe, masewero n'kuthera 2-2. Nigeria yomweyo inakafika mu fainolo. Adadi amanena za tsikulo ngati linali dzulo, ndipo mpaka pano Temile sanamukhululukire.

Kenaka anati: "Ndiye mu 1988 tinakwapula Cameroon kuno kwathu, Lule ali pamoto."

Ine maso ali pa foni, ndinawadula pakamwa. "Ayi adadi, mwasokoneza. Cameroon tinaigonjetsa 3-1 mu 1987 ku Nairobi, pa All-Africa Games, n'kutenga mendulo ya nambala 3. Za 1988 ndi chikho cha East and Central Africa, kuno kwathu, ndipo mu fainolo tinagonjetsa Zambia."

Ndinalondola. Koma adadi anangoti zii. Anapukuta magalasi awo nthawi yaitali, kenaka n'kunena motsitsa mawu: "Mnzanga uja akanakhala moyo akanandikumbutsa. Mutuwu wayamba kutaya zinthu."

Mnzawo amene ankanenayo ndi amene ankayenda naye ulendo wa ku stadium uja kwa zaka zambiri. Tinamuika m'manda chaka chatha. Kuyambira pamenepo adadi alibenso wokangana naye za amene anapatsira mpira, amene anaphonya penate, amene anatuluka m'bwalo akutsimphina. Ndipo ine, mwana wawo wa digiri, m'malo momvetsera ndinali kalikiliki kuwachonga ngati mphunzitsi wa Sitandade 8. Manyazi anandigwira.

Usiku umenewo nditabwerera kwanga ku Limbe, ndinagula bandulo n'kuyamba kusaka vidiyo ya Lule. Ndinkafuna ndione ndi maso anga chimene chinkaimiritsa bwalo lonse. Ndinasakasaka mpaka bandulo inatha. Zigoli za Thierry Henry mungazionere usiku wonse, mbali iliyonse imene mukufuna. Za munthu amene anasewerera dziko lino zaka 14, ine ndinangopeza zithunzi zochepa zosaoneka bwino ndi manambala aja.

Chifukwa chake si chovuta kumvetsa. Dziko lino linalibe kanema wakewake mpaka 1999, pamene Television Malawi inayamba. Lule anasiya kusewerera Flames mu 1996, Harry mu 1987. Mpira wawo wonse unadutsa pa wailesi, m'nyuzipepala ndi m'maso mwa anthu amene analipo. Nyuzipepala zija zambiri zinakulungidwira zitumbuwa. Mawu a pa wailesi anapita ndi mphepo. Chatsala ndi mitu ya anthu ngati adadi, ndipo anthu amenewa tikuwaperekeza kumanda mmodzimmodzi.

Mukafuna kuona kusiyana kwake, yang'anani m'banja lomwelo. Mlongo wawo Mary Waya anasewera mpira wamanja mpaka nthawi ya makamera. Anali msanamira ya Queens imene inathera pa nambala 5 pa mpikisano wa dziko lonse ku Auckland, New Zealand, mu 2007, ndipo pambuyo pake anadzakhalanso mphunzitsi wa timuyo. Iyeyo ambirife tinamuonako akuponya, ngakhale tinali ana. Tikamva kuti Waya, a msinkhu wanga timaganiza za Mary. Adadi akamva kuti Waya, amaona alongo ake. Banja ndi limodzi, koma theka la mbiri yake lili pa YouTube, theka lina lili pakhonde ku Chilomoni.

Kwina nkhani za mabanja otere saziseweretsa. Ku Melbourne, kumene Mwai Kumwenda wathu anatchukira ndi timu ya Vixens, masewero otentha kwambiri ndi mpira wawo wa ku Australia, uja wooneka ngati dzira, womenya ndi phazi komanso kugwira ndi manja. Mu ligi yawo ya AFL muli lamulo lakuti ngati bambo anasewerera timu masewero 100 kapena kuposa, timuyo imakhala ndi mwayi woyamba kutenga mwana wake. Gary Ablett wamng'ono analowa timu ya Geelong kudzera pa khomo limeneli, kutsata mapazi a bambo ake. Kuti lamulo lotere ligwire ntchito, pamafunika kuti wina alembe masewero alionse a wosewera aliyense, chaka ndi chaka, osadumpha. Kumeneko mwana safunsa kuti "wake uti", chifukwa zonse zinalembedwa ndipo timu imazisunga ngati chuma.

Ife sitingabwerere ku 1984 ndi kamera. Koma chida chimene makolo athu analibe chili m'matumba mwathu, ndipo timangochigwiritsa ntchito yoonera zigoli za eni ake.

Lachitatu nditaweruka ndinakwera minibasi kubwereranso ku Chilomoni. Ndinagula Fanta ziwiri pa okala, ndinakhala pansi pakhonde, n'kuika foni pa mpando.

"Adadi, ndikufuna mundiuzenso za Lule. Ndikujambulani mawu."

"Kuti uzikandiseka ndi anzako pa WhatsApp?"

"Ayi, n'zanga. Ndi za adzukulu anu."

Anandiyang'ana kanthawi. Kenaka anakhosomola, n'kukhala bwino ngati akulowa mu situdiyo.

Tinajambula mphindi 47. Zaka zina anasokonezanso, koma ulendo uno ndinatseka pakamwa. Chaka ndingachipeze pa intaneti nthawi ina iliyonse. Chimene sindingachipeze ndi chakuti tsiku lina anagulitsa nsapato zawo za ku tchalitchi kuti apeze ya pageti. Kapena kuti amayi anawaona koyamba akutuluka m'bwalo, mawu atasasa ndi kukuwa, ndipo amayiwo anali a Manoma. Amayi anamva zimenezo ali kukhitchini n'kutulukira ndi chipande m'manja kudzatsutsa: akuti sanali a Manoma, anangoperekeza achimwene awo. Mkangano umenewonso uli mu foni. Ndinapita kukafunsa mbiri ya banja la a Waya, ndinabwerako ndi mbiri ya banja lathu.

Akuluakulu amati mawu a akulu akoma akagonera. Vuto ndi lakuti akagonera opanda wowasunga, m'mawa mwake sapezeka.

Ndiye anzanga, sabata ino ndikupatseni ntchito. Kunyumba kwanu, ku Bangwe, ku Zingwangwa, ku Machinjiri, kuli munthu amene anaona Kinnah, Chamangwana kapena anyamata a Waya ndi maso ake. Mwina ndi bambo anu, mwina malume, mwina agogo aakazi amene simunawaganizirepo kuti anapondako pa stadium. Afunseni funso limodzi, dinani batani lojambulira, ndipo akasokoneza chaka musawadule. Mukatha, sungani mawuwo malo awiri, chifukwa mafoni athuwa mukuwadziwa mmene amasowera m'minibasi.

Mng'ono wanga uja ndinamutumizira zomwe tinajambula. Anayankha pakati pa usiku: "Aise, ndiye Lule ameneyu anali wovuta eti?" Ndamuuza kuti Lamlungu akafunse yekha kwa eni nkhani. Magetsi akhalepo kapena ayi.